Bokosi la Kumanzere

Kale, ku Silverest kuno kukadali minda ya chimanga, mipanda ya njerwa isanamere ngati bowa, agogo anu aamuna a Tembo anabwera ndi wailesi ya makaseti atayimangirira panjinga, pochokera ku Palabana komwe ankakama ng'ombe. Iwe Daliso, ika foniyo pansi. Kuyambira m'mawa iwe ndi mlongo wako Misozi mukukangana za masipika oti ugule m'nyumba yako yatsopano, mutu wandipweteka, ndiye mvera.

Wailesiyo inali ndi masipika awiri apadera, timabokosi tathabwa tolumikiza ndi mawaya, ndipo pa makaseti onse imodzi yokha ndiyo ndinkasunga m'sutikesi: ya kwaya yathu ya kutchalitchi. Anatijambula mphunzitsi wina wa ku Chalimbana, maikolofoni imodzi kwa amayi, ina kwa abambo, kotero poiliza ife amayi tinkatulukira bokosi la kumanja, abambo la kumanzere, monga mmene tinkakhalira m'tchalitchi.

Chaka chimene agogo anu anatisiya, mlamu wanga Yobe anabwereka wailesi kukaliza pa ukwati wa mwana wake, ndipo inabwerera bokosi la kumanzere lili duu. Mpaka lero sanapepese. Asaganize kuti ndinaiwala. Ine sukulu ndinalekera giredi yachiwiri, koma wondithyolera mpini wa khasu ndimamudziwa ngakhale atamera imvi. Kuyambira pamenepo ndikaika kaseti ija ndinkangodzimva ndekha ndi amayi anzanga, abambo zii, ngati onse anapita kumigodi. Zaka zikupita, makutu anga akuchepa mphamvu, tepi nayo ikupyapyala. Ndinauza amayi ako a Esinati kuti ndikufuna kumva mawu a mwamuna wanga ndisanagonthe.

Nkhani inafika kwa apongozi anga, atate akowo. Loweruka linalake anatsitsa m'galimoto chisipika chimodzi chotalika ngati mwana wa zaka zisanu, cha matayala, cha magetsi othwanima.

"Amama, atate ake Daliso agula chodula," anatero Esinati. "Chili na mphamvu maningi."

Atachiyatsa, mbale zinagundana m'kabati, nkhuku zinathawira kwa aneba, ndipo polumikizira wailesi yanga panalibe, chinkangomvana ndi foni. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Masiku athu mpongozi sunkamuyankha pamaso, ndiye ndinatembenukira kwa mwana wanga.

"Uwauze apongozi kuti zikomo, koma sindikutsegula shabini."

Anachibweza. Ine ndinakulunga wailesi m'chitenje, bokosi lamoyo lija Misozi ananyamula, tinakwera minibasi ya ku Lusaka. Ukukumbukira iwe Misozi mmene unkayang'anira pawindo kuti anthu asadziwe kuti tili limodzi? Lero mumagula chinthu pongoona chithunzi pafoni, koma ife ngakhale mphika tinkayamba taugogoda kuti timve ngati uli ndi mng'alu.

M'sitolo tinapeza bambo wa kapusi yofiira, pakamwa posatseka.

"Ba mami, muli shani? Bwelani muone aya, mawatsi yake ni yambiri!"

"Mawatsiwo ndi abale ako? Ine ndabwera kudzamva a Tembo."

Misozi atamufotokozera, munthu uja anayang'ana kumbuyo kwa wailesi n'kuyamba kuseka.

"Amama, sembe munachotsa chabe waya wa sipika yabwino, kuufaka ku dzenje la kumanzere. Sembe munabamvera kudala amuna banu."

Ana inu! Ndinakhala pansi pa katoni. Zaka zonsezo mwamuna wanga ali kuseri kwa kadzenje, nyumba yodzaza masatifiketi pakhoma, popanda ndi mmodzi yemwe woganiza zosuntha waya! Wa m'sitolo uja anati asinthe pomwepo ndimve, ndinakana. Ndinali nditatopa ndi theka la kwaya. Ndinkafuna timveke tonse pamodzi.

Anafuna kuika nyimbo zake za mabingu kuti ayesere, ndinamugwira dzanja. Nyimbo imene sukuidziwa singakuuze ngati sipika ikunama. Ndinati kaseti yanga yokha, ndime imodzi basi pa masipika alionse, chifukwa tepi ikatafunidwa palibe ina padziko.

Oyamba anali a siliva, onyezimira, koma nditawanyamula anapepuka ngati chipanda chopanda madzi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Amayi tinatuluka ngati nyenje, abambo ngati lole yodutsa patali, osadziwika kuti uyu ndani. Ndinaimitsa msanga. Achiwiri atatchula mtengo, wofika pa ng'ombe, ndinati asavutike n'kulumikiza komwe.

Pansi pa shelefu panali awiri akuda, aang'ono, lina lokalika pakona, koma olemera ngati njerwa. Mtengo wake wa mbuzi imodzi.

"Aya ni yakudala, ba mami, sayapunda, mawu ni ochepa."

"Nanenso ndine wakudala. Lumikiza."

Ndinamuuza awaike pa shelefu molekana, lina uku lina uko, pa msinkhu wa khutu langa, ndipo achepetse voliyumu, pakuti chinthu chofuula chimabisa zilema zake. Ndinakhala pakati. Tepi inazungulira.

Amayi tinayamba. Kenaka kumanzere, abambo ena onse asanatsegule pakamwa, mawu amodzi analowa okha, mofulumira, ndiponso kunja kwa nyimbo pang'ono. A Tembo! Zaka zonsezi ndinkakuuzani kuti agogo anu ankaimba ngati mngelo. Bodza, ana inu, ndinanama osadziwa. Ankathamanga ngati akutsekera ng'ombe mvula ikubwera, ndipo chakumanja ndinadzimva ineyo mawu akunjenjemera, ndikubisa kuseka. Ndinawakalipira m'sitolo momwemo, "Dikirani anzanu, inu!" ndipo wa kapusi uja anavula kapusi yake. Ndime imodzi ija ndinaiiwala, nyimbo inatha yonse, ndipo ndinalipira osanyinyirika.

Ndiye iwe Daliso, usafunse mawatsi, ndipo usagule chimodzi chachikulu poopa kuti anzako akuseka. Tenga nyimbo imene ukuidziwa mpaka pomwe woimba amapumira, uyimve motsitsa, awiriwo uwanyamule m'manja. Akakumvetsa munthu monga analili, ndi zolakwa zake zomwe, lipira usanyinyirike. Tsopano kandilumikizire wailesi, ndikufuna ndiwakalipirenso agogo ako.