Chimkuzamawu cha Mayi Teodosia

Malemu mayi Teodosia Ccahuana anabadwa pa 11 Juni 1968 kumapiri a Huancavelica. Ine ndine Fortunato, mlongo wawo wamkulu. Abale andipempha kuti ndiwerenge mbiriyi mofatsa. Ndiyesetsa, koma mundikhululukiretu, mtima wanga ukuwira.

Sukulu anayamba mu 1975 ndipo analekezera kupulayimale. Mu 1986 tinasamukira kuno ku Santa Rufina, pakamwa penipeni pa chigwa cha Yanarumi, poti malo a amphawi anali okhawa. Mu 1990 anakwatiwa ndi bambo Nicanor Pariona, ndipo ana awo anawalera ndi geni ya tamales, zakudya za chimanga zokulunga m'masamba, pasiteji ya basi.

Mu Malichi 2017 huaico, chimtsinje chija cha matope ndi miyala, inakokolola nyumba yawo pamodzi ndi bambo Nicanor. Choncho mu 2019, akatswiri ataika makina kumtunda kwa chigwa, oyeza mvula ndi omva nthaka ikamanjenjemera, woyamba kudzipereka kuwasamalira anali malemuwa. Loweruka lililonse ankakwera phiri kukapukuta sola ndi kuchotsa zitosi za mbalame m'choyezera mvula. Makinawo akamva zoopsa, chimkuzamawu cha pamtengo wa pamsika chinkalira kuti tithawire kuphiri la mtanda.

Chinalirapo pachabe, inde, mbuzi zitakola waya. Kuyambira pamenepo munawatcha Mayi Phokoso. Akamadutsa munkawafunsa kuti, "Comadre, mbuzi zanu zija zalosera zotani lero?" Iwo ankangoseka n'kuyankha kuti, "Sekani, compadre, bola mukuseka muli ndi moyo." Kunyumba samaseka. Ndinkawaona ine.

Lamulungu pa 12 Malichi chaka chino cha 2023 kunali chikondwerero cha yunza. Munadzala mtengo pabwalo la mpira, n'kuupachika zidebe ndi mabulangete, kuti muvine mouzungulira ndi kuudula mosinthana nkhwangwa. Zokuzira mawu za oimba zitafa, mkulu wa chikondwererocho anakwera mtengo wa pamsika n'kumasula chimkuzamawu cha chenjezo ndi batire lake lomwe. Dzina lanu sinditchula, bambo. Mwakhala apo, chipewa chili m'manja. Malemu atakuletsani munati, "Ndi lero lokha, comadre, taonani dzuwa likuswa mtengo." Ngati kuti simudziwa kuti kuno kumawala pamene kumapiri mvula ikukhuthuka! Ndipo enanu munaona, koma munali pamzere wa mowa wa chicha.

Masana amenewo makina anagwira ntchito yake. Uthenga unafika pafoni ya malemu, koma pamsika panali zii. Malemu anathamangira kubwalo akukuwa, osamveka, chifukwa chimkuzamawu chawo chomwe chinali kugunda nyimbo. Analanda maikolofoni kwa woimba n'kufuula kuti, "Siyani zidebezo, inu! Nyamulani ana, kuphiri!" Ena munawaseka kaye. Iwo sanachoke, anapitiriza kukuitanani mayina mmodzimmodzi mpaka bwalo litayera. Matope anawapeza ali pomwepo.

Tinawafukula akupumabe n'kuthamangira nawo kuchipatala ku Lima. Matope anali atalowa m'mapapo, ndipo anatisiya pa 16 Malichi. Mudzi wonse uno, maliro ndi amodzi okhawa. Musandiuze kuti ndi chifuniro cha Mulungu, Mulungu sanakwere mtengo ndi sipanala.

Malemu asiya ana atatu, Rosmery, Wílmer ndi Yésica, zidzukulu zinayi, ndi ine. Tikuthokoza anyamata a njinga zamoto amene anakumba ndi manja, anamwino amene anayesetsa, amayi a kukhitchini ya mudzi amene akutiphikira, ndi abambo mfumu.

Pomaliza, mukundimva bwino mpaka kumbuyoko, eti? Chimkuzamawu ndikulankhulirachi ndi chomwe chija. Mwachifukula m'matope, mwachitsuka, n'kuchibweretsa pamaliro, pamene pamsika pakadali mtengo wokhawokha ndipo kumapiri kwadanso bii. Ndikuchizimitsa tsopano. Amene anachimasula achisenze akachimangirire pomwe anachichotsa, ndipo bokosili silinyamuka pakhomo pano mpaka titachimva chikulira.

Chikalira, mlongo wanga Teodosia, mudzapume. Mzimu wanu uuse mumtendere.