Mbuzi ya kwa aphunzitsi ndi nsawa zanga

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a mu mphakati wathu ndi ena onse amene pepala ili likufikeni. Ine ndine NaTembo, amake Yosefe, wa kuno kufupi ndi Madzimoyo. Kulemba sindidziwa, sukulu ndinkangoiona podutsa, ndiye wagwira bolopeni ndi mdzukulu wanga Misozi, ndipo ndamuuza kuti alembe mmene ndikulankhuliramu, asakonze. Ndifuna ndikuuzeni za chaka chimene mbewu yanga ya nsawa inakhala osagulidwa, mvula ili pafupi, anthu akundilambalala ngati ndinaba. Sanali matenda ayi, sanali maliro. Anali mawu chabe, mawu abwino amene ndinamuumira munthu, nayenso n'kundiumira.

Ntchito yanga ine ndi mbewu. Chitapita chilala chachikulu chija, chimene tinadya chimanga chachikasu, anthu ambiri anali atadya ndi mbewu yomwe. Ine ndinamanga mtima, ndinamata nsawa zanga m'chikwa ndi dothi, ana akulira njala koma osatsegula. Kuchokera pamenepo anthu anayamba kubwera kwa ine. Ndimasenda ndi manja, ndimasankha imodziimodzi, yofota kumbali, yakuda kumbali, yosweka kumbali. Ndi nsawa zimenezo ndikulera ana atatu a malemu mwana wanga wamkazi.

Tsono mbewu sagula ngati sopo wa musitolo. Nsawa yakufa ndi yamoyo m'manja zimaoneka chimodzimodzi, ndiye munthu amagula chifukwa cha zimene wamva kwa anzake. Pamsewu waukulu pali mkuyu pamene timayala malonda Loweruka. Ukagula mbewu n'kumera, umabwera pamkuyu pomwepo n'kunena anthu akumva kuti ya uje yamera. Wogulitsa nayenso amanena za wogula, ngati anapereka chinthu chabwino, poti masiku ano Kwacha imangosungunuka m'manja, timasinthana ndi nkhuku, mbuzi, zovala zakale za salaula. Timati kubweza mawu. Munthu akapanda kukubwezera mawu, anthu sakufunsa. Amangodziwa kuti pali china.

Ndiye kunabwera Amayi Sakala, akazi a aphunzitsi. Anthu a ku mishoni aja, ophunzira, ovala nsapato olo popita kumunda. Ife ndife Akatolika, iwo ampingo wina, ndipo kumeneko ndiwo amatsogolera amayi. Akanena kuti chinthu n'chabwino, mudzi wonse umathamangira. Anatenga nsawa imodzi, anailuma, anayang'ana m'kati, n'kutenga mbewu ya munda wathunthu. Ine anandipatsa mbuzi yabere, yoyera ndi mawanga ofiira. Anthu onse pamkuyu anaona. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Mbuziyo sinathe mwezi, inapoloza. Apa lemba zoona, Misozi, usandibisire. Inapoloza chifukwa cha ine. Ndinaimangirira kudambo n'kupita kumaliro tsiku lonse, agalu anaithamangitsa, inazungulira chitsa mpaka chingwe kuikulunga pamimba. Koma m'mawa mwake pachitsime, mtima ukupweteka, ndinati, “Onani mbuzi za anthu ophunzira, amakupatsa yoti ikafere kwanu.” Ndinanena kamodzi kokha. Amayi anali pamenepo anali anayi, ndipo pakamwa pawo mukupadziwa.

Sipanapite nthawi, ndinamva kuti kumunda kwa aphunzitsi mbali ina sikunamere. Amene anandiuza sanaone yekha, anangomva. Ndinati eya, tsopano mayi uja adzaima pamkuyu n'kundiyalutsa. Ndiye ndinaganiza kuti mawu anga a mbuzi ndiwasunge. Akanena zoipa za nsawa, ine ndinena zoipa za mbuzi. Akanena zabwino, nanenso ndinena zabwino. Koma ayambe ndi iye. Ndinkadziuza kuti mwambo wake ndi womwewo, wogula ndiye amayamba, poti ndiye waona ngati mbewu yamera. Ine ndiyambe bwanji kuyamika, kenako iye anditsire dothi ndilibenso chobwezera?

Loweruka lililonse ankadutsa ndi dengu lawo.

“Mwauka bwanji, amake Yosefe?”

“Tauka, kaya inu Amayi?”

“Tauka, zikomo.”

Basi. Amagula matimati pa mnzanga n'kumapita. Ine ndimayang'ana pakamwa pawo, iwo amayang'ana pakamwa panga. Nsawa zinachita maluwa, tinakumba, tinaanika, tinathothola, dzinja linatha, kuzizira kunatha, pakamwa pathu pali tseke. Mbuzi ija inatenganso bere n'kubereka ana awiri onenepa, koma ine ndinkaimangirira kuseri kwa nyumba kuti odutsa asaone. Taganizani, munthu kubisa dalitso kuti mlandu wake usathe mphamvu.

Kutentha kutafika, nthawi yogula mbewu, ndinayala nsawa zanga pamkuyu monga mwa masiku onse. Anthu ankabwera, ankagwira, ankatembenuza m'manja, n'kupita pa aNaDaka, mayi amene amagulitsa mbewu pafupi nane, amene sitinagwirizanepo chiyambire. Loweruka loyamba ndinati kaya anthu sanakonzeke. Loweruka lachiwiri chimodzimodzi. Loweruka lachitatu kunabwera bambo wina wa ku Nabvutika amene amabwera chaka ndi chaka panjinga, ali ndi munda kuno. Anandipatsa moni ali chiimire. Ndinati, “Bambo, lero mwandiiwala?” Iye anakanda mutu, akuti, “Agogo, musandide. Tamva kuti ya aphunzitsi sinamere. Chaka chonse sanakubwezereni mawu.” Anakagula pa aNaDaka ndikuona.

Abale, masiku amenewo sindinkakhala pansi. Ndikhala pakhonde, ndanyamuka. Ndipita kuchikwa, nditsegula, ndinunkhiza ngati zayamba kufumbwa, nditseka, ndibwereranso. Ndiyang'ana kumapiri a ku Chipata, mitambo ikusonkhana. Mbewu ili ndi nthawi yake. Mvula ikangogwa anthu n'kubzala, zatha, palibe amene adzakufunsenso. Ana aja ndinkawakalipira popanda chifukwa.

Tsiku lina ndinakwera lole ndi thumba limodzi kupita kumsika wa Kapata, ndimati mwina kutauni sanamve. Kumeneko anyamata ogula anangoseka. “Agogo, kuno nsawa ndi nsawa. Tikazinga, tikagulitsa pasiteshoni.” Nsawa zimene ndinasankha imodziimodzi, maso mpaka kuwawa, zikathere m'chiwaya ndi mchere! Ndinamanga thumba langa n'kubwerera nalo. M'lole muja ndinalira, mayi wina n'kundifunsa ngati ndikuchokera kuchipatala.

Kupemphera ndinkapemphera. Korona yopempherera sinkachoka m'manja, ndimapemphera ndikuyenda, ndimapemphera ndikusesa. Koma mverani pemphero lake. Ndinkati, “Ambuye, tsegulani pakamwa pa mayi uja. Ambuye, mufewetseni mtima wonyada uja.” Tsiku ndi tsiku pakamwa pa mayi uja. Za pakamwa panga sindinatchulepo n'kamodzi komwe. Nditatopa ndinangoti, “Ambuye, ine nzeru zandithera, chitani mmene mukudziwira.”

Ndipo Mulungu ali ndi nthabwala zake. Sanatume abambo ansembe, sanatume akatekisiti. Anatuma aNaDaka. Anafika masana dzuwa likuswa mtengo, anakhala pamphasa osauzidwa, anatulutsa kabotolo ka fodya wawo n'kununkhiza.

“Iwe NaTembo, ndiwe chitsiru kapena n'kuuma mutu chabe?”

Ndinati, “Wabwera kudzandiseka? Makasitomala anga sanakukwanire?”

“Andikwanira mpaka mbewu yanga yatha, ndikubweza anthu chimanjamanja. Ndiye akagule kuti, zowola za mavenda? Tamvera. Dzulo pamaliro ndinakhala mphasa imodzi ndi Amayi Sakala. Nsawa zako zinadzaza nkhokwe kwawoko. Pamene sipanamere ndi pansi pomwe panadikha madzi, iwo akudziwa. Koma andifunsa monong'ona ngati ukadali ndi mkwiyo wa mbuzi. Anamva zimene unabwebweta pachitsime. Akuti mbuzi anapereka tsiku lomwelo, pamaso pa anthu, ndiye iwe ndiwe unayenera kuyamba. Akuopa kuti akakuyamika, uimirira n'kunena kuti mkulu wa mpingo anapatsa mayi wamasiye mbuzi yodwala. Mayi uja akuchita kukuopa, iwe nkhalamba yopanda mano.”

Chaka chonse ndimati akundinyadira, kani akunjenjemera monga ine ndemwe. Aliyense wagwira mawu ake ngati chibonga kumbuyo, kudikira kuti mnzake aponye.

Ndinati, “Nanga ndikayamba ine, iwo n'kukhala chete?”

ANaDaka anayetsemula n'kunyamuka. “Ndiye udzadya wekha nsawa zakozo. Mbuziyo inabereka kapena sinabereke? Ndikumva ana akulira kuseriko.”

Loweruka ndinadzuka n'kumasula mbuzi. Thumba pamutu, chingwe m'manja, tiana tiwiri tikudumpha pambuyo. Mbuzi ikukoka uku, ine uku, thumba likupendama. Ndinafika pamkuyu thukuta lili noninoni. Ndinayang'ana konse. Amayi Sakala kulibe. Ndinadikira, dzuwa linakwera, kulibe. Munthu wina anati apita ku tauni ndi aphunzitsi. Pamenepo Satana anandinong'oneza kuti bwerera, mwini wake palibe, ungataye mawu ako chabe. Ndinagwira chingwe kuti ndizipita. Koma miyendo inakana.

Ndinaomba m'manja. Ndinati, “Anthuni, tamverani. Ndabwera kudzabweza mawu kwa Amayi Sakala, olo iwo palibe. Mbuzi imene anandipatsa ndi iyi. Inali yabwino tsiku limene anandipatsa, ndi yabwino lero. Kupoloza kuja ndine ndinachititsa, ndinaisiya kudambo agalu n'kuithamangitsa. Zimene ndinanena pachitsime linali bodza. Ana ake ndi awa, awoneni. Amayi aja ndi munthu wachilungamo pamalonda.”

Nditangomaliza mbuzi inalira mokweza, anthu n'kuphulika kuseka. Bambo wina wogulitsa makasu anakuwa, “Mboni yavomera!” Wina akuti, “Chaka chonse, agogo? Ana a mbuzi mpaka kumera nyanga!” Ndinaseka nawo, koma manyazi anali atandigwira mpaka kumapazi. Ndipo tsiku limenelo sindinagulitse olo mbale imodzi. Anthu anamva za mbuzi, koma za nsawa panalibe amene wanena. Ndinabwerera ndi thumba langa ndi mbuzi zanga, m'manja mulibenso chogwira.

Lamulungu linadutsa. Lolemba kunagunda mabingu kumapiri. Lachiwiri kunawomba mphepo yonunkha dothi lonyowa, anthu anayamba kunola makasu. Ndinkangoyenda kuchokera pakhomo kufika panjira, kuchokera panjira kufika pakhomo. Ndinati ndadzivula ndekha pagulu, ndipo mayi uja wakhala chete. Koma chodabwitsa, pemphero langa linali litasintha. Ndinkangoti, “Ambuye, zanga ndanena. Ana awa ndi anu.”

Lachinayi madzulo ndili kupeta, ndinamva nyimbo kunjira. Nditadzutsa mutu ndinaona mzere wa amayi ovala mabulauzi oyera, akuchokera ku msonkhano wawo wa kumpingo, ena mabeseni pamutu, ena matumba m'khwapa. Patsogolo Amayi Sakala, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Ndinataya lichero. Aneba anatuluka kudzaona.

Amayi Sakala anaima pakati pa bwalo, anamasula chitenje, munali nsawa za makoko, zikuluzikulu. Anati, “Amake Yosefe, mawu anu anandipeza. Ndikanadikira Loweruka pamkuyu, koma mvula siidikira. Ndiye ndikunena pano, aneba anu akumva, ndipo pamkuyu ndikanenanso. Mbewu yanu inamera yonse, kupatula pomwe panadikha madzi. Izi ndi zokolola zake. Ndinakhala chete chifukwa cha mantha, ndipo ndakupweteketsani. Mundikhululukire.”

Ine ndinagwada, iwo anagwada, tinagwirana manja tikulira ngati pamaliro. Mayi wina wa m'gulu lawo anati, “Mukamaliza kulira mutiyezere, kukuda kumwambaku.” Tinayeza mpaka manja kuwawa. M'mawa mwake kunabwera ena, ndi bambo wa ku Nabvutika uja anatuma mlamu wake. Chikwa chinatsala ndi yobzala ine ndekha. Madzulo a tsiku lomwelo mvula inagwa, yamphamvu, ndipo ndinaima pakhonde n'kuisiya indinyowetse mapazi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandidyetsera ana anga amasiye chaka chimenecho. Ndikuthokoza chifukwa sanayankhe pemphero langa loyamba lija mmene ndinkafunira. Ndikuthokozanso aNaDaka, olo mpaka lero timakanganabe za malo pamkuyu.

Masiku ano anthu akagulana amandifunsa kuti agogo, ayambe ndani kubweza mawu, wogula kapena wogulitsa? Ine ndimati amene waona kale kuti chimene analandira n'chabwino, ayambe ameneyo, tsiku lomwelo. Inu amene muli m'mavuto, limbikani, pempheranibe, Mulungu amamva. Koma popempherapo fufuzaninso m'kamwa mwanu. Ngati muli mawu abwino a munthu wina amene mukusunga kuti ayambe ndi iye, mwina nayenso wakhala kwawo akukuopani. Nyamukani mukanene, olo mukapeze kuti palibe. Ambuye akudalitseni nonse. Amen.