Kadesiki ka Madilowa M'mbali

Kwee, kwee, kwee! Kulira kwa sowo yamanja m'mashedi a mipando ku Glen View, magetsi atathima, ndimakumvabe m'makutu. Abale anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Chiyeso changa m'chaka cha 2008 chinali nsanje, imene inandiwawa kuposa njala.

Ndinaleredwa ndi agogo anga, poti makolo anamwalira ndili wakhanda. Pa shedi ya bambo Phiri tinkagwira ntchito anthu awiri, ine ndi Fanuel. Iye anali ndi mayi ndi bambo, anamaliza Fomu 4, ndipo Chingerezi ndi Chishona zinkamutuluka bwino. Kasitomala akabwera, ankamulandira ndi iye. Ine ndinkapala matabwa kumbuyo, ndikumuyang'ana. Akaseka ndi bambo Phiri, zinkandipweteka. Kutchalitchi ndinkaimba nawo, koma mumtima ndinkapempha kuti tsiku lina achite manyazi.

Makasitomala atasowa, bambo Phiri anati pofika kumapeto a mwezi atsala ndi mmodzi. Ndinadziwa kuti wochoka ndi ine, ndipo agogo ankadalira ine ndekha.

Sabata imeneyo kunabwera mayi wina wa ku Sunningdale. Mwana wake wa ku England anamuuza kuti akapangitse davenport. Fanuel anavomera mwachangu, koma mayiyo atachoka anafunsa shedi ndi shedi, osapeza wodziwa.

Ine ndinkaidziwa. Agogo anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba ya mzungu pa famu ina ku Chegutu, ndipo ankadandaula za kadesiki kena kamene ankakapukuta tsiku lililonse. Kanali kakang'ono, pamwamba popendekeka potseguka ngati bokosi, madilowa ake otsegukira m'mbali. Dona wa pamenepo anawauza kuti azimayi akale ku England ankalemberapo makalata, ndipo dzinalo ndi la msilikali amene anayamba kukapangitsa.

Masiku atatu ndinakhala chete, ndikusangalala poona Fanuel akuvutika. Lamlungu ndinalephera kupita kutsogolo kukalandira mgonero. Ndinagwada pampando pomwepo ndi kuuza Mulungu zoona, kuti mnzanga ndimadana naye popanda chimene anandilakwira.

Lolemba ndinajambula kadesikiko pa chidutswa cha thabwa ndi kupatsa Fanuel.

“Iwe Mavuto, zimenezi wazitenga kuti?”

“Kwa agogo.”

“Ndiye masiku onsewa unangokhala duu, mukoma, m'bale wanga? Ndiwe mfiti!”

Anaseka, koma ine ndinalephera kuseka. Ndinkayembekeza kuti akaonetsa bambo Phiri ngati nzeru zake. M'malo mwake anawaitana ndi kuwauza kuti wajambula ndi ine. Tinakapanga tonse, ndipo mayi uja anakatenga ali wokondwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandichiritsa ndisanadziwe n'komwe kuti pa ntchito nditsala. Inu amene mnzanu akakwera mumadwala, musabise, kauzeni Ambuye monga zilili, ndipo musatope.

Tsiku lomaliza la mwezi ndinafika nditakonzeka kutsanzika. Ndinapeza Fanuel ali ndi chikwama kumsana. Anali atauza kale bambo Phiri kuti akupita ku Joni kwa mchimwene wake, ndi kuti malowo asiyire ine.

“Ine ndili ndi kopita, iwe uli ndi gogo,” anatero.

Anatulutsa tepi yake yoyezera m'thumba, naiika m'dzanja langa, nalowera kokwerera makombi.