Ndinkayesa ku India Nkwamasabata

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Yesu. Ine sindinazolowere kuima kutsogolo, mundikhululukire mawu akamanjenjemera. Koma ndikufuna kuchitira umboni.

Linali Lachitatu, 10 koloko m'mawa, pamene adokotala anandiuza kuti mwana wanga Tadala ali ndi bowo mumtima, ndipo opaleshoni yake njochitikira ku India, mumzinda wa Mumbai. Anthu akufuna kwabwino anali atavomera kale kuthandiza zonse. Ine ndinangoti zikomo, n'kutuluka.

Madzulo ndinafunsa amuna anga, omwe amalondera ku Area 15. "Abambo a Tadala, ku India nkutali bwanji?"

Iwo anati, "Abwana akuti ulendo wa ku Joni uuphatikize kangapo."

Abale, achimwene anga popita ku Joni pa basi anagona panjira kawiri. Ndiye mumtima ndinangoti, basi, awa ndi masabata. Ndege ndinkaziona ndithu, koma kumwambako zimangokwawa pang'onopang'ono, si inu nomwe mumaziona? Mwana woti pa minibasi ya ku Mitundu pokha milomo imada, mpweya n'kumabanika, angapirire masabata? Ndinati ayi. Ngati nkufa, afere pakhomo, osati panjira.

Sindinauze munthu. Manyazi, abale, manyazi! Achipatala akaimba, ine foni kungoiyang'ana.

Koma Mulungu sagona. Anamwino ena achikulire anafunsira njira mpaka anandipeza kunyumba ndikuchapa.

"Amake Tadala, mukutithawiranji?"

Ndinalira, n'kuwauza zonse. Anaseka mpaka misozi, kenaka anandigwira dzanja. "Mwana wanga, tikanyamuka masana, tikasintha ndege ku Addis Ababa, kukamacha tili ku Mumbai. Wa basi ya ku Joni adzakhala akadali panjira. Ndiponso ine ndikhala nanu pampando womwewo."

Ndinavomera, koma kukhulupirira kwenikweni ayi. Kamba ndinatenga ndithu, mbatata zootcha ndi chimanga chokazinga, thumba lodzadza. Musaseke, amayi!

Ndege itadzuka ndinatseka maso, n'kumangoti Yesu, Yesu, Yesu. Tadala anagona pachifuwa panga. Ndinkaika khutu pamphuno pake, akupuma. Ndiikenso, akupuma.

M'mawa mwake ndinabwereka foni n'kuimbira amuna anga. Kuno kunali kusanache, iwo akadali pageti.

"Akubwezani panjira eti?"

"Ayi, tafika."

"Mwafika kuti?"

"Ku India, abambo, mwana ali moyo!"

Kenaka ndinamva bambo wamkulu akulira ngati mwana.

Opaleshoni inayenda bwino. Uyo akusokosa kumbuyoko, amene akumuthamangitsa asungabata aja, ndi Tadala. Musiyeni athamange, chonde, kale sankatha.

Ndikuthokoza Ambuye amene anatumiza munthu kudzandifunsa, poti ine ndekha sindikanafunsa. Amayi, ine mawu andithera. Ndiimbireni nthungululu, tikondwere limodzi!