Achimwene Akudziwongola pa Chitakale

Ulendo womaliza kuwaona achimwene anga a Alufeyo ali moyo, anali pa siteji ya Chitakale, atasanjika phazi pa kaliyala ya njinga yawo ya kabaza. Ine ndinali nditangosiya koleji, ndipo ndinabisala kuseri kwa minibasi chifukwa cha manyazi. Mayi wina wothyola tiyi anaima pafupi nawo.

"Bambo, mukuvina tchopa kapena muli pantchito?"

"Ndikudziwongola, mayi. Ndapalasa kuchokera ku Milonde. Ndikapanda kutero akatumba amakokana, m'mawa njinga osaikwera."

"Ine ndi msanawu. Dengu likundilemera. Akapitawo ati ndikapitiriza kutsalira m'mbuyo andichotsa."

"Mukaweruka mumatani?"

"Ndimangogwera pamphasa."

"Ayi. Thupi likadali lotentha, gwirani mtengo, weramani pang'onopang'ono, muzipuma bwino. Musadzikakamize. Si mankhwala ayi, koma m'mawa mudzadzuka thupi litapepuka."

"Munthu wamkulu ngati ine kukumbatira mtengo? Anzanga adzati ndapenga."

"Aseke. Dengulo amakusenzerani iwowo?"

"Chabwino, ndikayesa. Zikakanika ndidzakufunani pompano."

"Mudzandipeza, mayi. Ndingapitenso kuti ine?"

Linali Loweruka, pa 11 Malichi 2023, namondwe wamkulu uja atatsala pang'ono kufika.