Abusa Shawa ndi Benchi Yakumbuyo

Lachinayi lina m'mawa, mu Novembala 1979, Abusa Gilson Shawa a ku Libala ankazungulira m'kaofesi ka tchalitchi manja ali kumbuyo, akulembetsa kalata yawo ya chaka ndi chaka yothokoza Mulungu, mtima uli mbee chifukwa Lamulungu likudzalo ankabatiza mdzukulu wawo woyamba. Pa taipi panali mlembi wa mpingo, a Amock Njobvu, munthu woti ukamuuza kuti dikira pano umakamupeza pomwepo ngakhale kugwe mvula ya matalala.

"Tisanayambe, Abusa," anatero a Njobvu, "sitensulo, pepala ija yamene taipi imaboola kuti tisindikize makope, ni imozi chabe. Ninaimilila maola atatu mu tauni kuti niipeze. Mankhwala ofafanizila anasila. Chikalembewa chalembewa."

"Ine sindilakwitsa. Lembani. Chaka chino Ambuye anatithandiza kukonza denga, ndipo silidonthanso."

"Lidontha, Abusa. Pa kwaya."

"Lembani kuti lidontha pang'ono. Mzele wina. Mwambo wa mpingo taugwila, osayang'ana nkhope."

Pamenepo Abusa ananyadira ndithu. Mwambowo anaubweretsa ndi iwo omwe: banja limene mwana woyamba wafika miyezi isanu ndi inayi ya ukwati isanakwane linkakhala miyezi isanu ndi umodzi pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, osadya Mgonero, ndipo mwanayo sankabatizidwa mpaka chilango chitatha. Ena ankawatcha Abusa Kalendala, koma ankanenera kuseri.

"Tsopano zokondweletsa za m'banja. Mwana wathu Rhoda anakwatiwa ndi a Killian Miti a ku Kabwata."

"Deti, Abusa."

"Deti ya chiyani?"

"Munakamba mweka kuti nkhani ilibe deti ni miseche."

"Pa 21 Epulo."

Taipi inalira.

"Ndipo Ambuye anawadalitsa ndi mwana wamwamuna, Reuben."

"Deti."

"Pa 20 Okutobala."

Taipi inaliranso, kenaka a Njobvu anayamba kupinda zala chimodzichimodzi, milomo ikugwedera. Abusa poona zalazo anayamba nawo kuwerenga, mwachizolowezi chabe. Meyi, Juni, Julayi. Atafika pa Okutobala anapeza zala zambiri zikadali chiimire. Zaka makumi awiri akhala akuwerengera anthu miyezi, koma ya m'nyumba mwawo anali asanaiwerengepo.

"Muwelenga chiyani, a Njobvu?"

"Mizele yasala pa sitensulo. Yasala khumi na iwili."

"Mizele."

"Mizele, Abusa."

Abusa anatsokomola.

"Chotsani madetiwo. Achulukitsa manambala."

"Yalowa kale. Sitensulo yabooka."

"Ndiye onjezani kuti mwanayo anabadwa masiku asanakwane."

A Njobvu anakweza zala pamwamba pa taipi, osagunda.

"Uja wa makilo anayi?"

"Ndani anakuuzani za makilo?"

"Munalengeza pa guwa. Munakamba ati manesi anaitanana kubwela kumuona, ati chipewa chamene anamulukila amai Abusa sichinalowe."

"M'banja lathu ana amakula msanga."

"Nilembe?"

"Musalembe."

Abusa anapita pa zenera, nayang'ana panja ngati kuli chinthu. Kunali mbuzi yomwe anagulira phwando la ubatizo, ikudya maluwa a amayi a chigwirizano.

"Pansi pake lembani kuti pepani, deti ya chikwati yalakwika. Chinali mu Janyuwale."

"Mu Janyuwale tchalitchi inalibe malata, Abusa. Tinali kupemphela pansi pa mango."

"Ndikunena chinkhoswe. Kwathu ukwati umayamba pa chinkhoswe."

"Chinkhoswe chinali pa 7 Epulo. Ninadyako."

"Simungaiwale kanthu kamodzi, inu?"

"Nimayesa, Abusa. Sivichitika." A Njobvu anatsegula buku la maukwati, naloza ndi chala. "Onani, poyamba munalembetsa Ogasiti. Amai Abusa ndiye anabwela kuti tifendeze ku Epulo."

"Amayi anati mu Ogasiti kumakhala mphepo ndi fumbi."

"Ni vamene anakamba."

Abusa anakumbukira kuti tsiku limenelo anawayamikira akazi awo, a Imelda, kuti ndi mayi woganiza patali. Tsopano anaona kuti analidi oganiza patali, kuposa mmene iwo ankadziwira.

"Chabwino. Chikwati chisiyeni. Mwanayo mulembe kuti Disembala."

"Disembala iti?"

"Chaka chili ndi ma Disembala angati?"

"Tili mu Novembala, Abusa. Mwana wamene mubatiza pa Sondo azabadwa mwezi wa mawa?"

"Ng'ambani sitensuloyo."

"Ni katundu wa mpingo."

"A Njobvu, mbusa pano ndani?"

"Ndimwe."

"Nanga mlembi?"

"Ndine."

"Tsono?"

"So imwe mukamba, ine nilemba vamene vinachitika. Ni mwamene munanipunzitsila."

Zoona, anawaphunzitsa ndi iwo. Abusa anakhala pansi, pa mpando wa alendo, womwe anthu a milandu ankakhalapo. Achibale ochokera ku Katete anali kale m'basi, mkanjo wa mwana unali wosita. Anaganiza za anyamata ndi atsikana onse omwe anawatchula maina pa guwa, mmene ankayendera kupita kumbuyo mitu ili pansi, iwo ali chilili kudikira kuti akhale. Anachita manyazi. Koma choposa manyazi, anamumvera chisoni Rhoda, mwana amene ankamunyamula pa njinga popita kukalalikira ku Chilenje.

"A Njobvu," anatero, mawu atatsika, "tsegulani buku la chilango."

A Njobvu anatsegula.

"Lembani Rhoda Miti ndi Killian Miti. Miyezi isanu ndi umodzi. Ubatizo wa pa Sondo kulibe. Ndidzalengeza ndekha, asalengeze wina. Ndikapanda kutelo, sindingayang'anenso anthu aja kumaso."

A Njobvu anayang'ana buku, anayang'ana Abusa, nabweza cholembera m'thumba la malaya.

"Sinizalemba, Abusa."

"Mwakana zabodza, tsopano mukana ndi zoona zomwe?"

"Munthu salangiwa kawili pa mlandu umozi."

"Kawili bwanji?"

"Rhoda na ba Killian anabwela okha kwa akulu a mpingo mu Meyi, pamene munali ku msonkhano ku Chipata. Anaulula. Anasiliza Sondo yatha."



"Ine osadziwa?"

"Munasaina maminitsi."

"Simunandiuze."

"Simunafunse. Munakamba ati mlembi asakambe vamene sanafunsiwe."

"Miyezi isanu ndi umodzi ali pa benchi ija?"

"Sondo iliyonse. Simunawaone?"

"Ndinawaona. Ndinkati afuna kamphepo ka pa khomo chifukwa cha pakati."

"Munalalikilapo mu Julayi. Munakamba ati onani kuzichepetsa, mwana wa mbusa asiya mipando ya kutsogolo, akhala na ochimwa."

"Mpingo unati ameni."

"Unakweza maningi, Abusa."

Abusa anaphimba nkhope ndi chipewa kwa kanthawi. Atachichotsa maso anali ofiira, koma mtima unali utapepuka ngati munthu wotula thumba la chimanga. Mwana wawo anatsiriza chilango chonse osapempha kuti bambo ake amuchonderere, ndipo Abusa anamunyadira kuposa tsiku la chikwati.

"Ndiye kuti ubatizo ulipo."

"Ulipo."

"Palibe chotsala?"

"Kwa Rhoda palibe."

"Ambuye alemekezeke." Anaimirira, nabwezanso manja kumbuyo. "Tipitilize. Lembani kuti chaka chino ndaphunzila kuti chifundo cha Mulungu chimatsogola ife tisanadzuke."

A Njobvu sanagunde taipi. Anatulutsa m'dirowa kabuku ka malamulo a mpingo, kolembedwa ndi dzanja la Abusa, nanyowetsa chala ndi malovu.

"Kwasala kankhani kamozi, Abusa. Lamulo la nambala naini. Aliyense wokakamiza mlembi kusintha deti m'zolemba za mpingo, miyezi itatu."

"Lamulo limenelo ndinalembela anthu onama zaka za ana."

"Silinakambe zaka. Likamba deti. Mwayesa katatu, osawelengela kung'amba."

"A Njobvu, ine ndine mbusa. Ndikakhala kuti?"

A Njobvu anatulutsanso cholembera chija, nachiyesa pa chikhatho ngati chikulemba.

"Malo musade nayo nkhawa, Abusa. Rhoda anachokapo Sondo yatha."