Nkhodolero Imene Inatsala Pang'ono Kundichotsa Ntchito

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndakupatsani moni nonse. Ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Biriwiri, ndipo maso anga anasiya kuona zaka zinayi zapitazo. Koma lero sindikamba za maso. Ndikamba za nkhodolero, kachizindikiro kaja timalemba m'mwamba m'mawu ngati ng'ombe, kamene kanatsala pang'ono kundilanda choko.

Nditasiya kuona, bungwe lina linandipatsa laputopu yolankhula, yoti ndikalemba izindiwerengera mokweza. Ndinasangalala, ndinati ntchito yanga yapulumuka. Sindinadziwe kuti mzungu wolankhula m'makinamo amawerenga mawu okha, zizindikiro n'kumazilumpha. Mpatuliro, mfunsiro, nkhodolero, zonsezi analibe nazo ntchito. Ndikafuna kuzimva ndinkayenera kuyenda chilembo chimodzichimodzi, ndipo tsamba limodzi linkandithera tsiku lonse mpaka mutu kuwawa.

Tsoka linandigwera pa mayeso a teremu yachiwiri. Ndinkafuna kulemba kuti m'bale wanga wagonekedwa m'chipatala, koma chala chinaphonya, pepala n'kutuluka likunena za mbale. Makina anawerenga ngati zonse zili bwino, ine n'kuvomereza. Ana anaseka mpaka misozi, wina n'kufunsa ngati mbaleyo inali yadothi kapena yachitsulo. Mafunso ena analibe ndi mfunsiro womwe. Ine amene ndakalamba ndikukalipira ana chifukwa cha nkhodolero yomweyi, ndinachita manyazi osaneneka.

Ahedi anandiitanira ku ofesi. Anati makolo akudandaula, ndipo pepala la teremu yachitatu likadzatulukanso ndi zolakwika, adzalemba kalata kuboma kuti ndipume pantchito chifukwa cha matenda. Analankhula mofatsa, koma mawuwo anandibaya mumtima.

Masabata otsatirawo ndinali munthu wakufa ndikuyenda. Chakudya sichinkalowa. Aphunzitsi anzanga anati azindiwerengerako, koma aliyense ali ndi ana odzaza kalasi, ndipo ine mtima wanga ndi wonyada, sindibisa. Mapemphero anga anasanduka mkangano. Ndinkauza Mulungu kuti maso munatenga sindinatsutse, nanga chokochi mukuchifuniranji? Kumwamba kunali zii. Ndinafika potaya mtima, ndipo ndinapempha mng'ono wanga kuti andiperekeze ku Lizulu ndikafunse m'mene geni ya mbatatesi imayendera, poti uphunzitsi ndinali nditautsanzika kale mumtima.

Tili pakati pa matumba pamsikapo, ndinamva foni ikulankhula ndi liwu longa la laputopu yanga. Koma iyi inkati ikanena mawu angapo, imvekere koma, ikanenanso pang'ono, koma. Ndinalephera kuugwira mtima.

"Pepani, foni yanuyo ikutsutsa chiyani? Mawu awiri koma, mawu atatu koma."

Mwini wake anaseka. "Si koma wathu uja, mayi. Ndi dzina la mpatuliro pa Chingerezi. Ndinaiuza ndine kuti izinditchulira zizindikiro."

Ndinangokhala pathumba la eni ake osapempha. Bamboyo anali a Maseko, ogula mbatatesi zopikulitsa. Nawonso saona. Maso awo anaonongeka ndi mankhwala pafamu ina ku Joni, ndipo asanabwerere kumudzi anaphunzitsidwa makompyuta komweko. Ndinawafotokozera vuto langa ndikulira ngati mwana, anthu akudutsa.

Loweruka lotsatira anabwera kwathu ndi akazi awo, anasiya msika wa tsikulo chifukwa cha ine. Anandionetsa malo m'makinamo pamene munthu amasankha kuti azitchula zizindikiro zochepa, zambiri kapena zonse. Zinali pomwepo zaka zonsezi, ine ndikuvutika. Anandionetsanso kuti chizindikiro chilichonse ukhoza kuchipatsa dzina lomwe ukufuna. Ndinachotsa maina a Chingerezi, n'kuika athu: mpumiro, mpatuliro, mfunsiro. Pa nkhodolero mzungu uja lilime linamukanika. Tinalemba mawuwo mokhotakhota kangapo konse mpaka anawatchula momveka, ngakhale amamvekabe ngati ali ndi chimfine.

Pepala la teremu yachitatu ndinalilemba ndekha, n'kulimvetsera katatu. Ndinakalipereka ku ofesi. Ahedi analiwerenga ine nditaima pomwepo, ndikungomva masamba akutembenuzidwa. Anafika kumapeto, anayambiranso. Sindinamve cholembera chawo chikukhudza pepala. Kenaka anatsokomola pang'ono.

"Mayi, pali kalata iyi ndalembera makolo. Kodi makina anuwo sangandiwerengereko isanapite?"

Ndinapezamo nkhodolero zitatu zosowa. Ndinawauza mwaulemu, koma mumtima, Ambuye andikhululukire, ndinavina. Za kalata yakuboma ija sanazitchulenso.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso a Maseko ndi mayi akunyumba kwawo. Inu amene mwatopa ndi kupemphera, amene pemphero lanu latsala kukangana kokhakokha, musaleke, kanganani nayeni choncho, amamva. Ine sindinapite ku Lizulu ndi chikhulupiriro ayi. Ndinapita kukagonja, ndipo Iye ndinamupeza akundidikirira komweko.